Ngozi ikachitika, tifunse chomwe chalakwika

Pa 10 June 2024 ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 idagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Anthu onse 9 adamwalira, kuphatikizapo wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino, Dr Saulos Chilima. Akatswiri a ku Germany atafufuza adapeza kuti ndegeyo idalibe makina osunga mawu a oyendetsa, ndiponso kuti batire ya kachipangizo kolozera pomwe ndege yagwera idatha nthawi yake mu 2004. Ndegeyo idapezeka mawa lake.

Ena amati kufufuza sikudzutsa wakufa. Nzoona, koma kumapulumutsa amoyo. Malamulo a zandege pa dziko lonse amanena kuti cholinga cha kafukufuku wa ngozi ndi kupewa ngozi ina. Kupeza wolakwa ndi ntchito ya makhoti.

Taonani za pa 27 March 1977. Ndege ziwiri, ya KLM ndi ya Pan Am, zidagundana pa bwalo la ku Tenerife kuli chifunga, ndipo anthu 583 adafa. Mawu osungidwa adaonetsa kuti injiniya wa ndege ya KLM adakayika ngati njira idali yotseguka, koma kaputeni adapitiriza ulendo. Lero oyendetsa ndege amaphunzitsidwa kuti wamng'ono azilankhula mosaopa akaona choopsa, ndipo wamkulu azimvetsera.

Ife a kuno ku Chikwawa ndi Nsanje sitikwera ndege kawirikawiri. Timakwera bwato pa Shire, kabaza, ndi minibasi yotsika zitunda za ku Thabwa. Bwato likagubuduka timalira, kuika maliro, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndani amafunsa kuti lidanyamula anthu angati, kapena kuti lidayamba liti kulowa madzi? Kukhulupirira Qadar sikutiletsa kufunsa mafunso amenewa. Timachita mbali yathu kenako n'kuyadzamira mwa Allah.

Tiyambire pasukulu pano. Pakhale kope lolembamo zinthu zomwe zikadatha kuvulaza munthu, monga waya wamagetsi wosendeka kapena chimbudzi chong'aluka. Wophunzira wonena zimenezi asakalipiridwe, ngakhale atakhala kuti wolakwitsa ndi iye mwini, chifukwa mwana woopa chilango amabisa. Aphunzitsi, makolo ndi akomiti ya mzikiti aziwerenga kopelo mwezi uliwonse ndi kukonza zolembedwazo.

Ndipo inu ophunzira, mukaona bwato ladzaza, nenani mwaulemu ndi kudikira ulendo wina.