Za Pakhomo: Uvuni Wopanda Moto

Mwezi uno tikambe za chipangizo chimene ena a inu munachiona kale m'nyumba za pa Dowa, pa Mponela ndi pa boma la Ntchisi, kumene nthambo za ESCOM zinafika, kapena m'katundu wa ana anu obwera kuchokera ku Joni. Dzina lake ndi microwave. Inde, m'midzi yathu tikali kuphika pa mafuwa. Koma nkhani iyi iri yathu ndithu, pakuti atsikana a m'mapiri muno amapita kukagwira nchito m'nyumba za ku Lilongwe, mtunda wa makilomita ngati 40 kuchokera pa Dzaleka, ndipo kumeneko amatumidwa kutenthetsa chakudya cha ana m'bokosi limeneli, kawirikawiri wopanda wowalangiza.

Anatulukira nzeru imeneyi ndiye Percy Spencer wa ku America, m'chaka cha 1945. Pogwira nchito pa makina a radar ku kampani ya Raytheon, anapeza kuti chokoleti chimene chinali m'thumba mwake chasungunuka. Uvuni woyamba, wa chaka cha 1947, unali wamtali ngati munthu wamkulu, wolemera makilogalamu oposa 300. Lero mwana amaunyamula m'manja.

M'kati mwake mulibe lawi, mulibe khala. Muli mafunde osaoneka ochokera ku magetsi, amene amagwedeza madzi a m'chakudya mofulumira koposa, ndipo kugwedezeka kumeneko ndiko kumabala kutentha. Musaope kuti mafundewo atsalira m'chakudya. Uvuni ukazima iwonso atha, monga kuwala kumatha nyali ikazima. Choopsa chiri pena. Mafunde aja amalowa m'chakudya masentimita awiri kapena atatu okha, ndiponso safika ponse molingana. Motero mbale ya nyemba ikhoza kuotcha chala m'mphepete, pakati pake pali pozizira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: pozizira pomwepo ndi pamene tizirombo totsegula m'mimba timapulumuka.

Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, limaphunzitsa kuti chakudya chitenthe kufikira madigiri 70 ponseponse. Popeza choyezera tiribe, tsatani malangizo awa.

Choyamba, yalani chakudya m'mbale yotakata, osachiunjika ngati chulu, ndipo zidutswa zazikulu za nyama muzidule.

Chachiwiri, vundikirani ndi mbale ina, koma musiye kampata kotulukira nthunzi. Nthunzi ndiyo imathandiza kupsetsa pakati.

Chachitatu, nthawi ikafika pakati imitsani uvuni, takasani bwino, nimuyatsenso. Ukazima musafulumire kupakula. Dikirani mphindi ziwiri kuti kutentha kuyende. Pamenepo bowolani pakati ndi supuni. Ngati sipafuka nthunzi, kapena nyama ya nkhuku ikali yofiira pa fupa, bwezeranimo.

Chachinayi, musalowetse chitsulo: poto, supuni, kapena mbale ya mkombero wonyezimira. Zimenezi zimathetheka moto. Mbale yadothi ya kusitolo kapena yagalasi lolimba ndiyo yabwino. Majumbo ndi zigubu za majarini zimasungunukira m'chakudya.

Chachisanu, dzira la m'chikamba limaphulika. Mbatata ndi kachewere muyambe mwazibaya ndi foloko. Nyemba zouma zosaphika zisiyireni mphika wa pamoto, pakuti zimafuna kubwata kolimba kuti ululu wake uthe.

Chachisanu ndi chimodzi, ndipo ichi gwiritsani: mkaka wa khanda musautenthetse m'menemo. Botolo limamveka lofunda kunja pamene m'kati muli potentha mokwana kuotcha m'kamwa mwa mwana. Libviikeni m'madzi ofunda, mulikhutchumule, nimudonthezere pang'ono pa mkono wanu. Phala la mwananso mulitakase ndi kulilawa musanamdyetse.

Pomaliza, uvuni wa chitseko chophwanyika kapena chosatsekeka bwino musauyatse, ndiponso musauyatse m'kati mulibe kanthu.

Tsono inu amene muti, "Ife tiribe magetsi, izi zitikhudza bwanji?" tamverani. Lamulo lake ndi limodzi, pa uvuni ndi pa mafuwa pomwe. Ndiwo zogona zimene zangofunditsidwa pa makala ozirala m'mawa ziri ndi ngozi yomweyo. Zibwate kufikira msuzi wonse utawira, ndipo mkute utenthe mpaka m'kati. WHO imatinso chakudya chophika chisakhale poyera kupitirira maora awiri. Chenjerani makamaka ndi mpunga: ukakhalitsa chomwecho umabala ululu umene sutha ngakhale muutenthetsenso. Chifukwa chake phikani wokwanira tsiku lomwelo, ndipo chimene mwatenthetsa kamodzi musachitenthetsenso kawiri. Momwemonso mukapita ku msika waukulu wa Lachiwiri pa Dzaleka, kapena ku msika wina uliwonse, sankhani chakudya chochoka pamoto inu mukuona.

Tisayese zimenezi zachabe. Kolera amene anabuka m'Malawi m'chaka cha 2022 ndi kufikira mu 2023 anatenga anthu oposa 1,700, ndipo nthendayi imayenda m'madzi ndi m'chakudya chosasamalika. Kutentha kokwanira kumapha tizirombo take. Kufunda chabe sikutipha ai.

Amayi ndi abambo, mwana wanu asananyamuke kupita ku nchito ya m'tauni, mukhale naye pansi nimumwerengere mau awa, pakuti adzasunga moyo wa ana a eni, ndi wake womwe. Ndipo mumuuze asachite manyazi kufunsa mwini nyumba mphindi zoyenera, popeza ma uvuni amasiyana mphamvu.