Mayina athu ali mu kompyuta: akuwalondera ndani?

Amayi ndi abambo a ku Tsangano ndi ku Macanga, pa kalembera wa cisankho anthu a STAE anabwera ndi makina awo. Munapereka dzina, anakujambulani nkhope, munadinda zala. Khadi munapita nalo kunyumba, koma zonse munaperekazo zinatsala m'makina, ndipo zinakasungidwa m'makompyuta a boma. Funso lathu nali: nkhokwe imeneyo ili ndi mlonda?

Ena akuti za makompyuta ndi za anthu a ku Maputo, ife kwathu ndi khasu, mbatata ndi fodya. Ameneyo ndiye akutigoneka tulo.

Mu February 2022 mbava za pa intaneti, zodzicula kuti ndi za ku Yemen, zinathyola masamba oposa 30 a boma la Mozambique. Pakati pawo panali la Unduna wa Citetezo ndi la INGD, bungwe lija timaliyang'anira kukagwa njala kapena madzi osefukira. Mbavazo zinafuna dipo. Akuluakulu anatiuza kuti palibe cinabedwa. Cabwino. Koma citseko cikathyoledwa usiku, mwini katundu samakhutira ndi mawu a mlonda yekha.

Tisapite kutali. Kutsidya kwa malire kuno, ku Malawi, kumene ambiri a ife tili ndi abale, makompyuta osindikiza mapasipoti anaima kumayambiriro kwa 2024. Mtsogoleri wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, anauza nyumba ya malamulo kuti mbava zalowa m'makinawo ndipo zikufuna ndalama. Kwa masabata angapo, wofuna ulendo wa malonda kapena wa nchito anangokhala pakhomo. Mbava yake sanaione ndi maso, koma inamutseka njira.

Nanga kwa ife eni? Ndani sanalandirepo uthenga pa foni wonena kuti tumizani ndalama ija pa nambala iyi? Ndani sanaimbiridwepo ndi munthu wodzicula wa ku M-Pesa kapena e-Mola, wopempha nambala yacinsinsi? Ndalama ya mbatata ya caka conse imatha pa kudina kumodzi. Wakuba ameneyu ndi mphwake wa uja wothyola masamba a boma, kungoti iye amasaka nkhuku, mkulu wake amasaka ng'ombe.

Tsono pa cisankho. Mu 2024 CNE inalengeza kuti Daniel Chapo wapeza mavoti oposa 70 pa 100 alionse. Pa 23 December Conselho Constitucional inati ndi 65. Sitikunena kuti mbava za pa intaneti ndizo zinasintha. Tikunena kuti nambala ikacoka pamudzi n'kulowa m'makina a kutali, inu ndi ife sitingaitsatirenso. M'masiku omwewo intaneti ya pa foni inadulidwa kangapo, ndipo amene ankadalira foni yokha anatsala mumdima.

Cimene mbava ya kompyuta singacifikire ndi pepala. Akatha kuwerenga mavoti pa tebulo lanu, lamulo likuti zotsatira zilembedwe pa edital, zisainidwe, zimatidwe pomwepo poyera, ndipo oimira zipani alandire makope awo. Pitani mukaliwerenge. Lembani nambalazo m'kope la mwana wa sukulu. Ngati simudziwa kuwerenga, tengani mdzukulu. Mudzi ukasunga nambala zake, wosintha za m'makina amagwidwa bodza.

Ndipo ofuna mavoti akadzafika ku Furancungo kapena pa msika wa Tsangano cisankho ca 2029 cisanafike, musadzangolandira nsalu ndi malaya. Afunseni: zala zathu ndi nkhope zathu zikusungidwa kuti? Makina akathyoledwa mudzatiuza tsiku lomwelo, kapena tidzamva kwa alendo? Wobedwa ndalama pa foni kuno kumalire akadandaule kwa yani, pafupi, osakwera galimoto mpaka ku Tete?

Khadi lanu la voti musapereke kwa munthu wofuna kulemba nambala yake, kaya akulonjeza feteleza, kaya akuti watumidwa ndi akuluakulu. Nambala yacinsinsi ya foni musauze aliyense, ngakhale woimbayo atalankhula mwaulemu cotani.