ZA PAKHOMO PATHU: Nsima ya Febuluwale Imasungidwa mu Meyi



Ulendo uno tsamba lathu lili ku Malosa, m'chigwa cha Domasi, pa mseu wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde. Inu a ku Mangochi mumadutsapo pa basi, uku mukuona phiri la Malosa, uku chigwa chotsetserekera ku nyanja ya Chilwa. Kuno timalima chimanga, nandolo, chinangwa ndi mbatata, ndipo kumunsi ku sikimu ya Domasi kumachokera mpunga. Mlendo wodutsa angayese kuti njala siidziwa njira ya kuno. Koma aime pa chigayo mwezi wa Febuluwale, adzaona amayi ali pa mzere ndi chimanga cha m'chigoba chogula tsiku lomwelo, ndipo ambiri mwa iwo adakolola chimanga chawochawo mu Meyi. Tsono funso lathu ndi lakuti: pakati pa Meyi ndi Febuluwale, chakudya ndi ndalama za pakhomo zimatulukira pati?

CHIFUKWA CHAKE NKHANIYI NJOFULUMIRA

Pali zinthu ziwiri zimene zatipangitsa kuti tisaichedwetse nkhaniyi.

Choyamba ndi Kwacha. Mu Meyi 2022 mphamvu yake idatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Onjezanipo namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 ndi ng'amba ya 2024. Phunziro lake ndi lakuti ndalama yosunga m'chitini imaonda ili chigonere. K10,000 imene mwabisa pokolola siidzagula mu Januwale zimene ikadagula mu Meyi, pamene thumba la chimanga losungidwa bwino limakhalabe thumba.

Chachiwiri ndi mwezi wa Ramadan. Monga tidziwa, chaka chilichonse umabwerera m'mbuyo ndi masiku 10 kapena 11. Mu 2025 udayamba kumayambiriro a Malichi, mu 2026 cha pakati pa Febuluwale, mu 2027 ukuyembekezeka kumayambiriro a Febuluwale, ndipo mu 2028 kumapeto a Januwale. Kutanthauza kuti kwa zaka zingapo, futari, daku ndi Idi zizigwa pakati penipeni pa miyezi ya njala, nthawi imene chimanga, mpunga ndi nyemba zili pa mtengo wokwera koposa. Banja limene lidzayambe kuganiza za futari mwezi utaoneka lidzagula zonse pa mtengo woluma.

YAMBANI MWAWERENGA

Musanagulitse ngakhale ndowa imodzi, dziwani kuti pakhomo panu pamatha chimanga chochuluka bwanji. Simufunika mlangizi pa zimenezi. Lembani tsiku limene mwatsegula thumba la makilogalamu 50 ndi tsiku limene latha. Tiyerekeze kuti latha masiku 20. Chaka chili ndi masiku 365, kotero mufunika matumba 18 kapena 19, ndipo muonjezere limodzi kapena awiri a alendo, maliro ndi aganyu. Amenewo si ogulitsa. Chotsala pamwamba pake ndicho malonda.

Tikudziwa kuti pokolola mavuto amakhala atandanda pakhomo: ngongole ya feteleza, yunifolomu, wodwala. Ngati kugulitsa sikulephereka, yambani ndi mbewu zina monga nandolo kapena mpunga, chimanga chikhale chomaliza. Funsani mtengo wotsikitsitsa umene boma lalengeza chaka chimenecho, ndipo yang'anani ngati sikelo ya venda ili yovomerezeka ndi a Malawi Bureau of Standards. Kumbukirani kuti venda amene akugula kwa inu lero sakupita nacho kutali chimangacho. Adzachisunga, ndipo inu nomwe mudzam'tsatira mu Febuluwale ndi chigoba m'manja.

Inu amene muli ndi ana kapena amuna ku Joni, auzeni kuti ndalama ya chakudya imathandiza kwambiri ikabwera mu Meyi kapena Juni kusiyana ndi kudikira kulira kwanu kwa mu Januwale. Ndalama yomweyo, matumba ake amasiyana.

NANKAFUMBWE NDI MLENDO WOSAITANIDWA

Kusunga popanda kuteteza ndi kulimira nankafumbwe. Choyamba chimanga chiume. Chilumeni, chouma chimalira kuti "ge!" ndipo sichinyenyeka mofewa. Njira ina ndi ya mchere: thirani mchere wouma pang'ono ndi chimanga m'botolo louma, tsekani, khutchumulani ndi kudikira kanthawi. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo, ndiye kuti chimanga chikadali ndi chinyezi, chibwerere padzuwa. Chimanga chonyowa chimachita chuku, ndipo chuku ndi poizoni kwa ana ndi akulu omwe.

Chikauma, ena amathira mankhwala a Actellic motsata muyezo wolembedwa pa botolo. Ena amagwiritsa ntchito matumba a PICS, amene ali ndi mapepala awiri a pulasitiki m'kati ndi thumba wamba kunja. Pepala lililonse limamangidwa palokha, mpweya sulowa, ndipo tizilombo timafa tokha popanda mankhwala. Thumba lotere n'lokwera mtengo pogula, koma likapanda kubooka limagwiranso ntchito chaka chinacho. Liikeni pa thandala, lisagunde khoma, ndipo makoswe asapeze njira. Komanso musamalitsegule kawirikawiri. Lodya mwezi uno likhale padera.

PA CHIGAYO

Ife a kuno timakonda ufa woyera, ndipo mgaiwa ena amauyesa chakudya cha kusukulu yogonera konko. Koma tiyeni tione ulendo wa ufa woyera. Tikonola, gaga achoka, tiviika mphale, zina zipita ndi madzi, kenako tigayitsa. Pa chigayo talipira kawiri, ndipo ufa umene wafika m'nyumba ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi chimanga chimene chidatuluka. Mgaiwa timalipira kamodzi, pafupifupi chonse chimabwerera, ndipo mtima wa chimanga umene uli ndi chakudya chomanga thupi umakhala momwemo. Yesani nokha ndi ndowa ziwiri zofanana, ina woyera ina mgaiwa, muone imene ifike patali. Ngati abambo akana mgaiwa, yambani ndi phala la ana, kapena sakanizani. Ndipo mukakonola, madeya musawasiye pa chigayo. Ndi chakudya cha nkhuku, ndipo kuno ku Domasi, kumene kuli malo a boma ofufuzira za ulimi wa nsomba, a maiwe amawafuna.

KUGULA KWA TIZIDUSWA

Shuga wa m'timapepala, mafuta a m'chubu, sopo wodula, ufa wa wokumani: izi ndi zimene zimapulumutsa tsiku, koma zimadya mwezi. Tiyerekeze paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi ili pa K3,000. Wogulitsa akaigawa m'timapepala 20 ta K200, apeza K4,000. Sitikumudzudzula, pakuti kawirikawiri ndi mlongo wathu yemwe akufuna ya mchere. Koma inu ogula mwalipira K1,000 yapamwamba pa paketi iliyonse, ndipo zomwezo zikuchitika pa mafuta, pa sopo ndi pa mchere. Mmphawi ndiye amagula modula kuposa wolemera.

Wina anena kuti, "Nanga ya paketi yathunthu ndiitenga kuti?" Yankho lake adatisiyira makolo: mutu umodzi susenza denga. Nyumba zinayi kapena zisanu zogwirizana zisonkhe kamodzi pamwezi, zitume munthu mmodzi ku holoselo ku Zomba kapena ku Liwonde, akagule belo la shuga, chigubu cha mafuta ndi katoni ya sopo, adzagawane poyera onse akuona. Ya basi ikhale ya munthu mmodzi, yogawana. Koma muwerengere bwino. Ngati ya basi iposa chimene mupulumutse, gulani pompano pa Malosa kapena pa Songani. Sopo mukagula, mutulutseni m'pepala aume kaye, pakuti sopo wouma satha msanga.

NDIWO

Nyanja ya Chilwa idaphwa mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yake yaikulu idaumanso. Zikatero matemba amasowa ndipo mtengo wa nsomba umauluka. Amayi a kale sankadabwa nazo chifukwa ankafutsa. Nthawi ya dzinja nkhwani, khwanya, chitambe, chisoso ndi bonongwe zimangotayika m'minda, ndipo mu Okutobala timagula kamulu ka repu. Mfutso sufuna ndalama, ufuna dzuwa, mphasa ndi chikwatu kapena chitini chotseka bwino. Therere, bowa ndi makaka n'chimodzimodzi.

Inu a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota muli ndi usipa ndi utaka. Ife tili ndi mpunga ndi nandolo. Ambirife ndife pachibale. Bwanji osatumizirana nthawi imene chilichonse chili chotsika mtengo kwawo? Ndowa ya usipa wouma bwino yobwera pa basi, ibwerere ndi mpunga, palibe venda wadyapo pakati.

MOTO

Mtengo wa makala ndi nkhuni ukukwera chifukwa phiri likutha. Amene adakula akuona Malosa ali bii ndi mitengo akudziwa chimene tikunena, ndipo madzi a m'mitsinje yathu amachokera m'phiri lomwelo. Mafuwa atatu amataya moto mbali zonse. Mbaula yadothi ya Chitetezo imasunga kutentha ndipo imapsereza ndi nkhuni zochepa, ngakhale zitsononkho ndi mitengo ya nandolo. Nyemba ndi nandolo wouma ziviikeni madzulo, m'mawa zipsa msanga. Vundikirani mphika. Konzani zonse, tomato ndi anyezi, musanakoleze moto. Mukaphula nsima, ikanipo madzi osamba makala asanazime. Izi n'zazing'ono, koma moto timakoleza katatu pa tsiku, chaka chonse.

NGONGOLE NDI FONI

Dzenje lalikulu koposa ndi katapila. Mutenga K10,000 mu Januwale, mubweze K15,000 kapena kuposa pakutha pa mwezi. Mukalephera, ibereka ina. Ena amakongola ndalama kuti adzabweze thumba la mpunga pokolola, mtengo wake wonena wobwereketsa. Mbewu yagulitsidwa isanache. Chipembedzo chathu chimaletsa riba, ndipo amene adagwapo m'katapila safuna womufotokozera chifukwa chake. Njira yoyera ilipo, ndiyo chipereganyu: anthu odalirana asonkha ndalama yofanana, mwezi uno alandira uyu, mwezi wamawa uyo, popanda chiwongoladzanja. Gwirizanani kuti wolandira nthawi yokolola agule chimanga, ndipo wolandira mu Okutobala agule mbewu ndi feteleza.

Foni nayo ili ndi pakamwa. Pa Airtel Money ndi Mpamba, kutapa ndalama kulikonse kuli ndi malipiro ake, kotero funsani wa pa kauntala mitengo yake ndipo muone ngati kutapa kamodzi sikukupulumutsani kusiyana ndi kutapa pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku. Mayunitsi alembedwe m'kope monga mchere. Ndipo abambo ndi anyamata, juga ya pa foni ndi juga basi. Ya ndiwo yambiri ikuthera kumeneko mwakachetechete.

KUKONZEKERA RAMADAN NDI IDI

Tsono bwererani ku masiku aja tatchula. Mpunga wa Idi ugulidwe kapena upatulidwe pokolola, usungidwe wosapuntha kuti usafumbwe msanga, ndipo thumba lake lilembedwe. Shuga ndi mafuta a futari muzipatula pang'ono mwezi uliwonse pa zogula za gulu zija. Zovala za ana musadikire sabata ya Idi pamene telala ali ndi mulu ndipo nsalu yakwera. Sokeranitu, mosiyako malo oti mwana akuliremo. Zakaatul Fitr nayo ndi chakudya. Ipatuleni pa zokolola zanu, kuti tsikulo likafika mupereke osakongola. Ndipo pa futari, phikani chimene chithe. Chakudya chogona m'mbale n'kutayidwa m'mawa, pamene nyumba yoyandikana nayo yamasula ndi madzi okha, si ulemu kwa mwezi umenewu.

KOPE LIMODZI, ANTHU AWIRI

Zonsezi sizingayende ngati abambo sadziwa mtengo wa mchere ndipo amayi sadziwa kuti mpunga udagulitsidwa zingati. Gulani kope la sukulu limodzi. Kwa masiku 30 lembani chilichonse chotuluka, ngakhale K100 ya mandasi. Mwana wa Sitandade 6 atha kukulemberani. Pakutha pa mwezi khalani pansi awiri, ana atagona, muwerenge popanda kulozana chala. Nyumba iliyonse ili ndi dzenje lake: kwina ndi tiyi wa pa sitolo, kwina ndi kabaza wa mtunda woyenda pansi, kwina ndi chitenje cha ukwati uliwonse. Kope lidzakuuzani lanu.

Sitikunena kuti kusamala kokha kuthetsa umphawi. Pali mabanja amene zokolola zawo sizifika ngakhale Ogasiti, ndipo amenewo afunika dzanja la ife tonse. Koma dzanja limenelo lichokera m'nyumba imene yasunga. Kusamala si umbombo ayi. Wosunga ndiye amakhala ndi chopatsa mlendo, wamasiye ndi wodwala nthawi imene aliyense akulira.

Tilembereni mutiuze njira zimene mukutsata kwanuko, makamaka inu a magulu ogulira pamodzi, kuti ena aphunzire. M'kope likudzalo tidzakamba za dimba la kuseri kwa nyumba ndi nkhuku zachikuda, Insha Allah.

Wassalaam.