Katundu wa madola 6, ulendo wa madola 48

Alamu anga amakonza mawayilesi ndi zokuzira mawu m'kachipinda kena ku Ndirande. Chaka chatha mita yawo yoyezera magetsi idapsa, ndipo mwana wawo adawapezera ina pa okushoni ya pa intaneti, yogwirapo kale ntchito koma ya mtundu wolimba. Usiku wotseka malondawo adachezera maso ali pa foni, kumaonjezera pang'onopang'ono pa mtengo womwe anzawo ankatchula, mpaka nthawi idatha iwo ali pamwamba ndi madola 6. M'mawa mwake adandiimbira mawu atazizira: "Alamu, tabwerani mudzaone izi. Akuti kutumiza kokha ndi madola 48." Mita yake ndi yokwana m'thumba la jekete. Adalipira, poti wopambana pa okushoni saloledwa kubwerera m'mbuyo. Phukusi litafika patatha milungu 5, kapepala ka positi komatidwa pakona kankasonyeza madola 14. Nanga madola 34 enawo adalowera kuti?

Mchitidwe wofufumitsa ndalama yotumizirawu uli pa masamba ambiri, koma mbiri yake imaoneka bwino pa eBay, msika womwe Pierre Omidyar adauyambitsa ku California mu 1995. Kwa zaka zambiri kampaniyi inkadula gawo lake pa mtengo wa katundu wokha, ndalama yotumizira osaikhudza. Ogulitsa sadachedwe kuuona mpatawo. Tiyerekeze kuti msika ukudula 10 peresenti. Chinthu chikagulidwa pa madola 40, msika utengapo madola 4. Koma chomwecho chikalembedwa dola imodzi, kutumiza madola 39, msika utola masenti 10 okha, wogula atatulutsabe madola 40 omwe aja. Panalinso phindu lina. Katundu wa masenti 99 ankakhala pamwamba wogula akasanja mndandanda kuyambira zotchipa, ndipo akafuna kubweza katunduyo, ogulitsa ambiri ankabweza mtengo wokhawo, ya ulendo n'kutsala m'thumba mwawo.

Wina anena kuti palibe waberedwa: zonse zidalembedwa, wogula ali ndi maso, aphatikize yekha. Mawuwa ndi omveka, ndipo alamu anga akuvomera kuti sadatsike m'munsi mwa tsamba kukaona za katumizidwe. Koma akatswiri awiri a zachuma, Tanjim Hossain ndi John Morgan, adaiyesa mfundoyi pa eBay pomwepo. Adagulitsa ma CD a nyimbo ndi magemu a Xbox, ena pa mtengo woyambira wotsika ndi ndalama yotumizira yokwera, ena mosemphanitsa, koma zonse zikaphatikizidwa poyambira pake n'kukhala pofanana. Zotsatira zomwe adasindikiza mu 2006 zidasonyeza kuti nthawi zambiri mtengo woyambira wotsika unkakoka anthu ambiri ndi kubweretsa ndalama zochuluka, ngakhale ya kutumiza idalembedwa poyera. Munthu akatenthedwa ndi mpikisano, masekondi akutha, maso ake amakhala pa nambala imodzi yokha, yomwe akulimbirana ndi mnzake. Wogulitsa wokweza ya kutumiza amachidziwa chimenechi, ndipo ndi chomwe amadyerapo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mlimi wa fodya sangadabwe nazo. Mtengo womwe umalembedwa pa tikiti ya belo ku okushoni ya ku Kanengo kapena ku Chinkhoma ndi wina, ndalama yomwe imalowa ku banki atachotsa ya thiransipoti ndi zodula zina ndi ina. Kungoti mlimi ndi wogulitsa, ndipo amazidziwa zodulazo nyengo isanayambe.

Komabe ndingalakwe nditaika ogulitsa onse m'thumba limodzi. Kutumiza katundu si sitampa yokha. Pali katoni, selotepi, zokutira kuti galasi lisasweke, mafuta opitira ku positi, ndi nthawi yoima pamzere. Makampani onyamula maphukusi monga DHL salipiritsa kulemera kokha, amayezanso malo omwe katoni itenge m'ndege: amachulukitsa utali, mulifupi ndi msinkhu wake m'masentimita n'kugawa ndi 5,000. Katoni ya masentimita 40 mbali zonse amaiwerengera ngati makilogalamu 12.8, ngakhale m'kati mutakhala chipewa chimodzi. Wogula akamva mtengo wake amati waberedwa, pomwe wogulitsa sadadyepo ngakhale senti. Palinso mantha a phukusi losowa panjira. Wogula akadandaula kuti katundu sadafike, ndipo wogulitsa alibe umboni woti adafika, msika umabweza ndalama kuchokera kwa wogulitsayo. N'chifukwa chake ambiri amakana positi wamba n'kuumirira njira yodula yokhala ndi nambala yolondolera phukusi.

Kwa ife a kuno mfundo imeneyi ndi yolemera. Malawi alibe doko la kunyanja yamchere. Katundu wa pa sitima amatsikira ku Dar es Salaam, Beira, Nacala kapena Durban, kenako malole. Wa pa ndege amayamba wadzera ku Johannesburg, Nairobi kapena Addis Ababa. Ogulitsa ambiri a ku America ndi ku Ulaya satumiza n'komwe kuno, ndipo wovomera amaika mtengo wodzitetezera. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima: wofuna katundu wa ku Ohio ali ku Blantyre asayembekezere mtengo wa kabaza.

Mu 2011 eBay idatseka mpata uja poyamba kudula gawo lake pa ndalama zonse, ya kutumiza yomwe. Isanatero idali itapatsa kale ogula mwayi wopereka nyenyezi kwa wogulitsa pa nkhani ya mtengo wotumizira, komanso wosanja katundu potengera mtengo ndi kutumiza pamodzi. Chinyengo chidachepa, koma mankhwalawo adawawira ndi osalakwa omwe. Wogulitsa wachilungamo tsopano amadulidwa peresenti pa ndalama yomwe iye amangoilandira n'kukaisiya ku positi. Kuti asaluze, amaonjezerapo kena kake pa ya kutumiza. Ena adathawira ku mawu okoma oti kutumiza ndi kwaulere, koma ulendo waulere kulibe. Ndalamayo imangolowa mu mtengo wa katundu, ndipo wogula wapafupi amalipirirako wakutali.

Ndiye malire ali pati? Kwa ine ali pa funso limodzi: kodi ndalama yolembedwa kuti ndi ya kutumiza ikupitadi ku kutumiza? Positi ikatenga madola 14, wogulitsa n'kuikapo 4 kapena 5 ya katoni ndi thukuta lake, sindingatsutse. Koma 14 ikasanduka 48, imeneyo ndi phindu lovala malaya a positi. Okushoni tanthauzo lake ndi lakuti ogula ndiwo agamule mtengo. Wogulitsa amene akuona kuti mita yake siyenera kupita pansi pa madola 40 ali ndi njira yoyera: ayambire pa 40, kapena aike mtengo wosatsikirapo, womwe misika imeneyi imalola. Akayambira pa masenti n'kubisa zotsalazo pa ulendo, wanamiza ogula onse kuti akupikisana pa chinthu chotchipa, walandanso malo kwa mnzake yemwe adalemba mtengo weniweni n'kukankhidwira pansi pa mndandanda. Ndimamumvera chisoni kwambiri wogulitsa wachiwiriyu, chifukwa iye alibe kodandaula.

Maiko ena ayamba kulowererapo ndi malamulo. Ku Britain lamulo la 2024 lotchedwa Digital Markets, Competition and Consumers Act limaletsa amalonda kuonetsa mtengo wotsika poyamba n'kumatulutsa zolipira zosapeweka wogula ali kale pakhomo lolipirira. Achibale athu okhala ku Leeds kapena Manchester ali ndi pogwira pamenepo. Ife kuno tili ndi bungwe la Competition and Fair Trading Commission, koma dzanja lake silingafike kwa munthu wogulitsira m'galaja mwake kutsidya kwa nyanja. Ndipo bala lathu limapitirira: a bungwe lotolera misonkho la MRA powerengera msonkho wa katundu wolowa m'dziko amaphatikiza mtengo wake, inshuwalansi ndi ndalama ya ulendo, choncho ya kutumiza yofufumitsidwa ija imakhomeredwanso msonkho. Onjezanipo kuti kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, muona kuti dola iliyonse yotayika pa ulendo wabodza ndi ndiwo za tsiku za banja lina.

Alamu anga akuigwiritsabe ntchito mita ija, ndipo ndi yabwinodi. Akadaona madola 54 poyamba, mwina akadagulabe, koma akadagula akudziwa. Inu amene muli ndi chinthu chomwe mukuchilondalonda pa okushoni sabata ino, mulembereni wogulitsa musanatchule mtengo uliwonse. Akuuzeni ndalama yotumizira ku Malawi, kampani yomwe inyamule, ndi kulemera kwa phukusi. Lembani papepala ndalama zonse zomwe mungakwanitse, chotsanipo ya ulendo ndi ya msonkho, yotsalayo ndiye malire anu. Wogulitsa akazemba kuyankha, musiyireni katundu wake.