Tiwauze ana njira yeniyeni ya uphunzitsi wa ku sekondale

Akonzi,

Ndiloleni danga pang'ono m'nyuzipepala yanu yomwe timaikonda kuno kumudzi kuti ndilankhuleko ndi makolo anzanga pamodzi ndi abusa ndi ansembe athu. Nkhani yanga ndi ya ana omwe amafuna kukhala aphunzitsi a ku sekondale koma njira yake sakuidziwa, ndipo ife amene tikadawatsogolera nafenso tili mumdima.

Chandilembetsa kalatayi ndi mwana wa mlongo wanga. Atalemba mayeso a Fomu 4, tidagulitsa mbuzi ndi matumba a mtedza n'kumutumiza ku sukulu ina ya m'tauni imene inkalonjeza dipuloma ya uphunzitsi. Patatha zaka ziwiri adabwera ndi pepala lokongola, koma atakafunsira ntchito adauzidwa kuti maphunzirowo ndi osavomerezeka. Ndalama zidapita, zaka zidapita. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Phulalo tidadya ndife, ndipo sindikufuna kuti mnzanga wina alilawe.

Choyamba tidziwe kuti uphunzitsi uli pawiri. Makoleji omwe timangowatchula kuti TTC, monga a ku Kasungu, Karonga, Lilongwe ndi Blantyre, amasula aphunzitsi a ku pulaimale. Wofuna kukaima kutsogolo kwa ana a Fomu 1 mpaka Fomu 4 amafunika dipuloma kapena digiri ya uphunzitsi. Makolo ambiri timasokoneza ziwirizi.

Ulendowu umayambira pa satifiketi ya MSCE. Kungokhoza chabe sikokwanira. Pa mayesowa, 1 ndi 2 ndiye kukhoza kwapamwamba, 3 mpaka 6 ndiye kirediti, pamene 7 ndi 8 n'kungowoloka. Sukulu za ukachenjede za boma zimafuna makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo. Ndaonapo ana anzeru pa masamu akutsala pakhomo chifukwa chopeza 7 pa Chingerezi. Komanso phunziro limene mwana akufuna kudzaphunzitsa alikhoze bwino. Sangakasulidwe kukhala mphunzitsi wa sayansi ngati masamu adawathawa ali Fomu 3. M'mera mpoyamba, choncho nkhaniyi tiyambe kukamba ndi mwana pamene akusankha maphunziro, osati zotsatira zitatuluka kale.

Nanga akaphunzire kuti? Ku Zomba kuli Domasi College of Education, imene idayamba kusula aphunzitsi a ku sekondale mu 1993. Ku Lilongwe kuli Nalikule College of Education, yomwe idatsegulidwa mu 2017. Digiri ya uphunzitsi, imene imatenga zaka zinayi, amaipereka ku University of Malawi ku Zomba, komwe ambirife timangoti ku Chancellor College, ndiponso ku Mzuzu University. Mipingo nayo ili ndi sukulu zake, monga University of Livingstonia, Nkhoma University ndi Catholic University ya ku Nguludi. Koma musanalipire tambala kulikonse, funsani ngati sukuluyo ndi maphunziro akewo n'zovomerezedwa ndi bungwe la National Council for Higher Education, lomwe amalitchula mwachidule kuti NCHE. Bungwe lomweli ndilo limayendetsa zofunsira malo m'sukulu za ukachenjede za boma. Ife tikadafunsa funso limodzi lokhali, mbuzi zija bwenzi zili m'khola.

Za fizi, pali bungwe la boma lopereka ngongole kwa ophunzira a m'sukulu za ukachenjede. Ngongoleyo safikitsa pakhomo. Mwana ayenera kufunsira yekha nthawi yake isanadutse, ndipo akadzayamba ntchito adzabweze kuti ena athandizike.

Ku kolejiko wophunzira amazama pa maphunziro amene adzaphunzitse, amaphunzira kaphunzitsidwe, kenako amatumizidwa ku sukulu ina kukayeserera m'kalasi, aphunzitsi ake akubwera kudzamuona. Akamaliza amalembetsa ku bungwe la Teachers Council of Malawi, ndipo wofuna ntchito ya boma amadikira kuti bungwe la Teaching Service Commission liitane anthu ku mafunso. Apa pamafunika kudekha, chifukwa ntchito siipezeka tsiku lomwelo.

Amene makirediti adaperewera asataye mtima. Akhoza kubwereza mayeso. Aliponso aphunzitsi ambiri amene adayambira ku pulaimale, n'kukweza maphunziro awo ku Domasi ali pantchito, lero akuphunzitsa ku sekondale.

Mwina wina afunsa kuti zikutikhudza bwanji ife alimi. Chiyambire maphunziro aulere a ku pulaimale mu 1994, ana ofika Sitandade 8 adachuluka, ndipo ambiri a ana athu amasankhidwira ku sukulu zoyendera za CDSS. M'sukulu zimenezi ndi momwe aphunzitsi osulidwa bwino, makamaka a masamu ndi sayansi, amasowa kwambiri. Mwana wa m'tauni akatumizidwa kuno sachedwa kupempha kusamuka. Wobadwira konkuno, amene adazolowera madzi a pamjigo ndi msewu wa matope, ndiye angakhalitse. Tikapanda kusula athu, adzatiphunzitsira ana ndani?

Pomaliza ndikupempha abusa, ansembe ndi akulu a mpingo. Inu ndinu amene mumawerenga nyuzipepala ndipo mumaonana ndi anthu sabata ndi sabata. Mukaona chilengezo choti makoleji akulandira makalata ofunsira malo, chiwerengeni pa nthawi ya zolengeza monga muchitira ndi za chitukuko cha mpingo. Pa misonkhano ya achinyamata itanani mphunzitsi wa ku sekondale yapafupi adzafotokoze njira imene adadutsa. Mafumu nawo achite chimodzimodzi pabwalo. Mphindi zisanu zokha zikhoza kupulumutsa banja ku zimene zidatigwera ife.



Malume wodandaula,
Dowa.