Malo Awiri pa Galafu Amene Mwana wa Mlimi Ayenera Kuwadziwa

Anzanga ambiri amadandaula kuti phunziro lopeza malo amene mzere woongoka udula mizere iwiri ya galafu, wogona uja wa x ndi woimirira wa y, liribe ntchito kunja kwa mayeso. Ine sindivomerezana nawo, makamaka ife a kuno kwa Chimaliro amene tikulira pakati pa minda ya tiyi.

Mu 1967 boma linakhazikitsa bungwe la Smallholder Tea Authority kuti anthu a m'midzi nawonso azilima tiyi. Lero alimi ang'onoang'ono a ku Thyolo ndi ku Mulanje amagulitsa masamba awo ku mafakitale, ndipo ambiri amatenga feteleza pa ngongole imene idulidwa pa malipiro.

Tsono tiyerekeze kuti mlimi wakongola feteleza wa K60,000, ndipo kilogalamu imodzi ya masamba agulitsa K200. Tikati x ndi makilogalamu, y ndi ndalama zotsala m'manja mwake, tilemba y = 200x − 60,000.

Kuti tipeze pamene mzerewu udula mzere woimirira, tiika x = 0, pakuti pamenepo sitinasunthe kumanja kapena kumanzere. Yankho ndi −60,000. Ameneyu ndi mlimi asanatchole ngakhale tsamba limodzi: ali pansi pa ziro, ndi ngongole yokhayokha. Apa ambiri amasokonezeka, namaika y = 0 chifukwa chakuti amva dzina la y. Ayi, pa mzere wa y chimene chisanduka ziro ndi x.

Malo achiwiri ndiwo ndiwakonda koposa. Tiika y = 0, ndipo 200x ifanana ndi 60,000, chotero x ndi 300. Taonani! Makilogalamu 300 oyamba, madengu onse aja osenzedwa m'mame kupita ku sikelo, angobweza ngongole. Ndalama ya sopo ndi fizi iyambira pa kilogalamu ya 301. Mtengo ukatsika kufika K150, ngongole ikhala yomweyo, koma mzere upendekeka ndi kukadula pa 400. Ndipo paja tiyi amaphuka kwambiri nthawi ya dzinja. M'chilimwe makilogalamu 100 owonjezerawo sapezeka msanga.

Ena adzati makolo athu amawerengera zimenezi m'mutu popanda galafu. Nzoona, ndipo ena a iwo amatiposa. Koma kuwerengera kwa m'mutu kuyankha funso limodzi, pamene galafu lionetsa mitengo iwiri kapena itatu pa pepala limodzi, kuti munthu aone asanasaine ngati munda wake ungafike pa malo odulirawo.

Chotero ndipempha aphunzitsi athu a masamu, mwaulemu, kuti potipatsa y = 2x − 6 azitiuzanso chimene 6 ndi 3 angaimire. Ndipo inu anzanga, pa tchuthi chino pemphani kapepala ka ku sikelo kwa amayi kapena atate, mujambule mzere wa munda wa kwanu.