Mpamba wa Chilwa Tisaudye

Loweruka lapitali ndinaima pa msika wa Migowi n'kumayang'ana mnyamata akugulitsa mbalame zokazinga m'beseni, zothira mchere ndi tsabola. Nditamufunsa kumene wazitenga, analoza kumpoto n'kunena kuti, "Zakunyanja izi, bambo." Ndili m'minibasi pobwerera, mtima unandifikitsa kwa amuna awiri apachibale a ku England, ana a banja la eni banki ya Rothschild ku London.

Wamkulu, Walter Rothschild, ntchito ya banki sinkamukoma. Anaisiya mu 1908 kuti adzipereke ku nyumba yake yosungiramo zachilengedwe ku Tring. Mbalame ankazikonda zedi, koma chikondi chake chinali chosonkhanitsa: anaunjika zikopa za mbalame pafupifupi 300,000, ndipo mu 1932 zambiri anazigulitsa ku American Museum of Natural History ku New York.

Mng'ono wake, Charles, anakhalabe ku banki, ngakhale mtima wake unali pa agulugufe ndi tizilombo tina. Iye anaona chimene ambiri sankachiona nthawi imeneyo: cholengedwa sungachiteteze ukawononga kwawo. Mu 1910 anagula dambo la Woodwalton Fen, osati kuti alimemo, koma kuti likhale dambo basi. Mu 1912 anayambitsa bungwe lomwe lero ndi The Wildlife Trusts, ndipo pofika 1915 anali ndi mndandanda wa malo 284 oyenera kutetezedwa. Anamwalira mu 1923 ali ndi zaka 46 zokha. Dambo lake lija lilipo mpaka lero.

Ine Charles ndimamukumbukira ngati munthu amene anatenga nzeru ya kubanki n'kupita nayo kudambo. Nzeruyo si yachilendo kwa ife. Mayi aliyense wa banki m'khonde kwa Nkhulambe kapena ku Chiringa amaidziwa: phindu mungagawane, koma mpamba sadya.

Mpamba wathu kuno ku Phalombe ndi nyanja ya Chilwa, ndi mabango ake, ndi thamanda la Mpoto. Mu 1997 Chilwa anakhala dambo loyamba m'Malawi kulowa m'pangano la Ramsar loteteza madambo, makamaka chifukwa cha unyinji wa mbalame zam'madzi: atsekwe, akakowa, abakha akutchire, ndi zina zouluka kuchokera kutali kumpoto kudzathawa chisanu. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosazama, ndipo imadalira mvula ndi mitsinje monga Phalombe ndi Sombani. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anakhala pamatope ong'aluka.

Apa ndi pamene mnyamata wa beseni uja amalowa m'nkhani. Matemba, makumba ndi milamba zikasowa, msodzi sangauze ana ake kuti agone ndi njala. Amatembenukira ku misampha ndi ulimbo. Sindimuweruza. Ndipotu alenje a mbalame a m'mbali mwa Chilwa anapanga okha magulu, n'kugwirizana za malo osasakamo ndi nyengo yoleka kusaka kuti mbalame ziswane. Anthu amenewa, ambiri osapita patali ndi sukulu, anaganiza ngati Charles.

Amene ndikuwafunsa ndi ife ena. Tili nawo ana a Phalombe omwe atha zaka makumi atatu akuwerenga ndalama za eni ku Blantyre ndi ku Lilongwe, lero apuma pantchito. Penshoni ikatuluka timamanga nyumba za lendi ndi kugula minibasi, ndipo palibe cholakwa. Koma magulu a alenje aja amafuna wowathandiza kusunga mabuku. Makalabu a zachilengedwe a m'sukulu, omwe bungwe la WESM limalimbikitsa, amafuna munthu wamkulu woyenda ndi ana kudambo m'mamawa. Mapiri a Michesi ndi Mulanje, komwe kumachokera ena mwa madzi a nyanjayi, akufuna mitengo. Napolo wa 1991 ndi namondwe Freddy wa 2023 anatisonyeza zimene madzi otsika m'mapiri amenewa angachite.

Inu amene munaphunzira kukana ngongole yosabwezeka, bwerani mudzaone kaundula wa Chilwa. Tatapa kwambiri, tasungitsa pang'ono. Mnyamata wa pa Migowi uja adzakhala ndi mwana, ndipo ndikufuna mwanayo adzamve kulira kwa atsekwe pa Mpoto ndi makutu ake.